Sikelo, Cholembera ndi Mfuti: Moyo wa Simon Willard, Woyambitsa Tauni ya Concord

Mu 1658 nyumba ya malamulo ya atsamunda ku Massachusetts Bay, ku America, inakhala pansi kumva pempho la Major Simon Willard. Nkhani yake inali ya ngongole. Mfumu ina ya eni nthaka ya ku Pawtucket, kumtsinje wa Merrimack, imene m'mabuku a boma inalembedwa ndi dzina loti John, inali ndi ngongole ya mapaundi 44 kwa Willard, ndipo khoti linali litagamula kale kuti ibweze. Boma linatenga ngongoleyo kuti ikhale yake, ndipo Willard linamupatsa maekala 500 pakati pa matauni a Lancaster ndi Groton. Wopemphayo sanali munthu wamba wobwera kudzadandaula. Anali mmodzi wa oweruza a boma lomwelo, anali mkulu wa asilikali a chigawo chonse cha Middlesex, anali ndi chilolezo chogula zikopa kwa eni nthaka, ndipo boma likafuna kudziwa pothera malire ake linkatuma iye yemweyo.

Tikamva za atsamunda kulanda dziko, maganizo amathamangira ku nkhondo. Koma ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America kumene kuli Massachusetts, nkhondo yaikulu inabwera mochedwa, patapita zaka 40 Willard atayamba ntchito yake. Zaka zonsezo malo ankachoka m'manja mwa eni ake mwakachetechete, kudzera pa sikelo ya wamalonda, m'buku la mlembi wa tauni ndi pa chingwe cha woyeza malo. Chondichititsa chidwi pa moyo wa Willard n'chakuti zida zonsezi zinali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanali chilombo. Anali wodziwana ndi eni nthaka kuposa Angelezi anzake ambiri, ndipo nthawi zambiri ankakonda kukambirana kusiyana ndi kuombera. N'chifukwa chake moyo wake umaonetsa bwino momwe zinthuzi zinkayendera.

Simon Willard anabatizidwa pa 7 Epulo 1605 ku Horsmonden, m'chigawo cha Kent ku England. Anawoloka nyanja mu 1634 pamodzi ndi mkazi wake ndi abale ena, nthawi imene Akhristu otchedwa ma Puritan ankasamuka mwaunyinji chifukwa chosagwirizana ndi mfumu Charles I ndi mabishopu a Mpingo wa England. M'zaka za m'ma 1630 zokha anthu pafupifupi 20,000 anapita ku New England. Willard anayamba wakhala ku Newtowne, kumene lero ndi ku Cambridge, ndipo sanachedwe kulowa malonda a zikopa. Malondawa ndiwo anamulowetsa m'kati mwa dziko, kutsata tinjira ta eni nthaka, mpaka anafika pamalo otchedwa Musketaquid, makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa Boston, pamene mitsinje ya Sudbury ndi Assabet imakumana.

Anapezako madambo aakulu a udzu, minda yolimidwa kale ya chimanga, nyemba ndi maungu, ndiponso mpanda wotchingira nsomba mumtsinje. Anthu ndiwo anali ochepa. Kuyambira 1616 mpaka 1619 mliri wobwera ndi zombo za Azungu unasesa midzi ya m'mphepete mwa nyanja, m'madera ena n'kupha anthu ochuluka kuposa otsala, ndipo mu 1633 ndi 1634 nthomba inabwerezanso. Ma Puritan ambiri ankanena poyera kuti Mulungu ndiye wawalambulira malo. Kwa mlimi wa ku Kent wobwera ndi ng'ombe, dambo la udzu ndi munda wosafunika kugwetsa mitengo zinali chuma chenicheni, chifukwa m'dziko lija ng'ombe yopanda udzu wouma siiona kutha kwa nyengo yachisanu.

Mu Seputembala 1635 General Court, imene inali nyumba ya malamulo komanso khoti lalikulu, inalamula kuti ku Musketaquid kukhale tauni yotchedwa Concord, yotalika mamailosi 6 mbali iliyonse. Anthu ake anawakhululukira misonkho kwa zaka zitatu, koma osati ntchito yophunzira usilikali. Iyi inali tauni yoyamba ya Massachusetts Bay kumangidwa kumtunda, kutali ndi madzi a m'nyanja. Atsogoleri ake anali m'busa Peter Bulkeley, amene anabwera ndi chuma chake kuchokera ku Odell ku Bedfordshire, ndi Willard, amene ankadziwa njira ndi anthu. Onani dongosolo lake: boma linayamba lagawa malowo, kugula kwa eni ake kunabwera pambuyo.

Kalata yogulira malowo inasowa kalekale. Zimene tikudziwa zikuchokera m'mabuku a boma a 1637 ndi mu umboni umene okalamba ena, Angelezi ndi eni nthaka omwe, anapereka molumbira mu 1684. Kumbali ya eni malo kunali Tahattawan, mfumu ya pamalopo, ndi mayi wamasiye wa mfumu yaikulu Nanepashemet, amene Angelezi ankangomutchula kuti Squaw Sachem, pamodzi ndi mwamuna wake wachiwiri Wibbacowet. Malipiro anali mikanda ya zigoba za m'nyanja yotchedwa wampum, nkhwangwa, makasu, mipeni, nsalu ndi malaya. Wibbacowet anamuveka suti ya nsalu, chipewa, nsapato, masokosi ndi chijasi. Mboni ina inakumbukira kuti Willard anaimirira n'kuloza kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kumwera, n'kunena kuti agula mamailosi atatu mbali iliyonse kuchokera pomwe anaimapo. Ndi masikweya kilomita pafupifupi 93 ukawerengetsa kukula kwake konse, malo amene munthu sangawaone onse ataima pamodzi.

Anthu awiriwa sankagulitsana chinthu chimodzi. Kwa Tahattawan, malo anali ndi ntchito zosiyanasiyana pa nyengo zosiyanasiyana: kuno timalima, uko timapha nsomba zikamakwera mtsinje, kutsidya timasaka m'chisanu. Kulandira mphatso kwa mlendo n'kumulola kulima kunali kupanga ubale, monga zimakhalira kwathu kuno mfumu ikalozera wobwera pomanga ndi polima, popanda wina woganiza kuti mudziwo wagulitsidwa. Kwa Willard, mikanda ndi makasu zinali mtengo, ndipo chogulidwa chinali chonse cha m'kati mwa mizere inayi, mpaka kalekale. Amalawi nkhaniyi si yachilendo kwa ife, poti Harry Johnston kuyambira 1892 ankapereka ma Certificate of Claim kwa Azungu a ku Shire Highlands potengera malonda a mtundu womwewu, a nsalu ndi mikanda. Sindikhulupirira kuti Willard sankaona kusiyanako. Munthu amene amachita malonda ndi anthu chaka ndi chaka amadziwa zimene iwo akutanthauza akavomera.

Zaka zoyambirira ku Concord zinali zowawa. Edward Johnson wa ku Woburn, mnzake wa Willard pa ntchito zambiri za boma, analemba kuti obwerawo anakumba mapanga m'mbali mwa kaphiri n'kufolera ndi mitengo ndi dothi, utsi uli tho m'katimo, mvula ikagwa yamphamvu ikudontha. Ng'ombe zinkafa ndi udzu wachilendo, nkhumba zinkagwidwa ndi mimbulu, ndipo anthu amene kwawo anazolowera buledi wa tirigu anaphunzira kudya chimanga ndi maungu, n'kumakwirira nsomba paphando ngati manyowa. Madambo amene anawakopa aja anawagwiritsa mwala, chifukwa mtsinje wa Concord umayenda pang'onopang'ono ndipo unkasefukira n'kumiza udzu. Mu 1644 m'busa wachiwiri wa tauniyo, John Jones, anasamukira ku Fairfield ku Connecticut ndi mabanja angapo. Willard anatsala. Kwa zaka pafupifupi 19 ndiye anali mlembi wa tauni, wolemba kuti munda wa uje ukuyambira pati n'kuthera pati.

Tauni ya ku New England sinali chigulu cha nyumba chabe. Inali bungwe logawa malo. Banja lililonse linkalandira pomanga pafupi ndi nyumba ya mapemphero, kagawo ka dambo ndi kagawo ka munda, ndipo wolemera ndi waudindo ankalandira zambiri. Malo otsala anali a eni tauni onse, odzagawidwa ana akakula. Tsono mabanja anali aakulu zedi. Willard yekha anabereka ana 17. Mwana wamwamuna aliyense ankafuna munda wake, choncho tauni iliyonse inkabereka tauni ina kutsogolo kwake. Ng'ombe ndi nkhumba zinkangosiyidwa m'nkhalango, n'kumalowa m'minda yopanda mipanda ya eni nthaka ndi kufukula nkhokwe zawo za pansi. Mwini munda akapha nkhumba, mlandu unkapita kukhoti la Angelezi.

Za usilikali wa m'matauni

Massachusetts inalibe asilikali olembedwa ntchito ya malipiro. Inali ndi militia, ndiye kuti mwamuna aliyense wa zaka 16 mpaka 60, kupatula abusa, oweruza ndi ena ochepa, anali msilikali wa tauni yake. Ankayenera kukhala ndi mfuti yake, onga ndi zipolopolo, ndipo masiku angapo pa chaka ankasonkhana pabwalo la tauni kuphunzira kuguba ndi kuombera. Wojomba ankalipira chindapusa. Poyamba mfuti zambiri zinali zagogodela zoyatsa ndi chingwe chofuka moto, ndipo ena ankanyamula mikondo italiitali monga ku nkhondo za ku Ulaya. Mu Disembala 1636 magulu a matauni anawaika m'marejimenti atatu, ndipo National Guard, nthambi ina ya asilikali a America, mpaka lero imawerengera kubadwa kwake kuchokera pamenepo. Kwa zaka zambiri amuna a gululo ndiwo ankasankha atsogoleri awo, boma n'kungovomereza. Motero udindo wa usilikali unkapita kwa munthu wolemekezeka kale pamudzi, wa mpingo ndi wa malo.

Willard anakhala lefutenanti wa gulu la Concord mu 1637, kaputeni mu 1646, ndipo mu 1653 anakhala sergeant major wa Middlesex, umene unali udindo wa mkulu wa asilikali onse a chigawocho. Kuyambira 1636 ankaimira Concord ku General Court, ndipo mu 1654 anasankhidwa kukhala Assistant, mmodzi wa akuluakulu ochepa amene ankalangiza bwanamkubwa ndi kuweruza milandu. Anasankhidwanso chaka ndi chaka mpaka imfa yake.

Mu 1641 boma linapatsa Willard ndi anzake ochepa ulamuliro wa malonda a zikopa kwa zaka zitatu, iwo n'kumapereka ku thumba la boma gawo limodzi mwa magawo 20. Chikopa chofunika chinali cha beaver, kanyama ka m'mitsinje kamene ubweya wake ankapangira zipewa zodula ku Ulaya. Malondawa ankayenda pangongole. Chisanu chisanayambe, wamalonda ankapereka nsalu, mapoto, mipeni ndi nkhwangwa, mlenje n'kulonjeza kudzabweza ndi zikopa chisanu chikatha. Pamene nyama zinali zambiri, aliyense ankapindula. Koma beaver sabereka msanga ndipo sathawa kutali, choncho mitsinje ya pafupi inatha nyama m'zaka zochepa. Wampum nayo, imene Massachusetts inailola kukhala ndalama mu 1637, inagwa mphamvu Boston itayamba kusula masheleni ake asiliva mu 1652, ndipo mu 1661 boma linasiya kuivomereza. Alenje anatsala ndi ngongole, zikopa palibe, mikanda yosagula kanthu. Chotsala chimene Mngelezi ankachifuna chinali malo.

Pa nthawi yomweyo kunabwera mpingo. M'busa John Eliot atayamba kulalikira m'chinenero cha eni nthaka mu 1646, Tahattawan ndi akuluakulu anzake anasonkhana ku Concord kumayambiriro kwa 1647 n'kugwirizana malamulo 29, ndipo anapempha Willard kuti akhale wowalembera. Ukawawerenga malamulowo mtima umawawa. Wopita kwa sing'anga wa makolo alipire masheleni 20, woledzera chimodzimodzi. Tsitsi alimete monga Angelezi. Asadzolenso mafuta a nyama, asalire mokuwa pamaliro, asakhale ndi akazi oposa mmodzi. Abweze ngongole zawo kwa Angelezi. Asalowe m'nyumba ya Mngelezi osagogoda, ndipo apa anawonjezera kuti nawonso akuyembekeza kuti Mngelezi azigogoda kwawo. Kachigawo kotsiriza aka kamandiuza kuti anthuwa ankadziwa chimene akuchita. Ankafuna tauni yawo yolembedwa m'buku la boma, poona kuti malo osalembedwa akupita onse. Mu 1654 anapatsidwa Nashoba, kumene lero ndi ku Littleton, imodzi mwa midzi ya Akhristu a eni nthaka. Anali atasiya zambiri za makolo awo kuti aloledwe kukhala pakachigawo ka dziko lawo lomwe.

Mu 1652 Willard ndi Edward Johnson anatumidwa kukapeza gwero la mtsinje wa Merrimack. Kalata ya mfumu yokhazikitsa Massachusetts inkati malire a kumpoto ndi mamailosi atatu kupitirira mtsinjewo, ndipo akuluakulu a ku Boston anaona kuti akawerengera kuchokera kugwero osati kumathiriro, dziko lawo likula kwambiri. Anapita ndi oyeza malo awiri, John Sherman ndi Jonathan Ince, ndipo owatsogolera njira anali eni nthaka. Pa 1 Ogasiti anafika potulukira madzi a nyanja ya Winnipesaukee n'kujambula zilembo za mayina awo pamwala, pamodzi ndi dzina la bwanamkubwa John Endecott. Mwalawo ulipo mpaka pano ku Weirs Beach ku New Hampshire, ndipo zilembo SW zikuonekabe. Ndi muyezo umenewu Massachusetts inati midzi ya Angelezi ya ku Maine ili m'manja mwake.

Ulendo wake woyamba wotsogolera nkhondo unali wa mu Okutobala 1654, wokalimbana ndi Ninigret, mfumu ya a Niantic, amene ankamenyana ndi anthu a ku Long Island ndipo ankakana zofuna za Angelezi. Willard atafika anapeza mfumuyo italowa m'dambo lamatope ndi anthu ake. Sanailondole. Anakambirana nayo kudzera mwa amithenga, anatenga anthu a mtundu wa Pequot amene anali pansi pa mfumuyo, n'kubwerera osamenya nkhondo. Akuluakulu a mgwirizano wa maiko a atsamunda a New England anamudzudzula kuti wafewetsa nkhani, koma kwawo ku Massachusetts, kumene ambiri sankaifuna nkhondoyo, udindo wake sunagwedezeke.

Kenako anayamba kusuntha ndi malire. Tauni ya Lancaster inali pa mikangano moti mu 1657 boma linaika anthu atatu oiyang'anira, Willard mmodzi wa iwo. Anthu akumeneko anamukopa ndi malo kuti adzakhale nawo, ndipo cha m'ma 1659 anagulitsa nyumba yake ku Concord n'kusamukira komweko. Patapita zaka zoposa 10 anasamukanso kupita kumunda wake wa Nonacoicus, m'dera la Groton, kumene mwana wake Samuel anali m'busa. Tauni ya kumalire ikakhala ndi munthu ngati iye ndiye kuti ili ndi woweruza, mkulu wa asilikali ndi khutu ku Boston, zonse m'nyumba imodzi.

Nkhondo ya 1675

Pofika 1675 Angelezi ku New England anali atapitirira 50,000. Metacom, mfumu ya a Wampanoag imene Angelezi ankaitchula King Philip, anali mwana wa Massasoit, yemwe anathandiza Angelezi oyamba ku Plymouth. Madandaulo ake anali omwe aja: ziweto zowononga minda, malo ogulidwa kwa anthu oledzeretsedwa kapena angongole, makhoti okhulupirira mboni ya Mngelezi yekha. Mu Juni chaka chimenecho boma la Plymouth linanyonga a Wampanoag atatu powaimba mlandu wopha John Sassamon, Mkhristu womasulira, ndipo mwezi womwewo nkhondo inabuka ku Swansea.

Funso ku Boston linali lakuti a Nipmuc, okhala m'kati mwa dziko, agwa mbali iti. Kaputeni Edward Hutchinson anatumidwa kukalankhula nawo, akuperekezedwa ndi Kaputeni Thomas Wheeler wa ku Concord ndi amahatchi pafupifupi 20. Pa 2 Ogasiti, ali pamzere umodzi m'kanjira kopanikizika pakati pa dambo ndi phiri, anthu a mfumu Muttawmp anawatchera. Anthu 8 anafera pomwepo. Otsalawo anapulumuka chifukwa eni nthaka Achikhristu amene ankawatsogolera anawadutsitsa njira ina mpaka ku Brookfield, kamudzi kakutali ka mabanja ochepa. Anthu pafupifupi 80, ambiri amayi ndi ana, anadzitsekera m'nyumba imodzi ya John Ayres. Kunja nyumba zina zinkapsa. A Nipmuc anaponya mivi yamoto padenga, a m'katimo n'kumaboola denga kuti azimitse. Anakankhira ngolo yodzaza ndi zoyaka kukhoma, koma mvula inagwa. Ephraim Curtis anayesa kangapo kutuluka, mpaka usiku wina anakwawa n'kudutsa pakati pa adani kukanena ku Marlborough.

Willard anali panjira ndi amahatchi 46 pa ntchito ina kumadzulo kwa Lancaster pamene uthenga unamupeza. Anali ndi zaka 70. Anatembenuka, n'kukwera hatchi tsiku lonse m'nkhalango, ndipo anafika ku Brookfield usiku wa pa 4 Ogasiti. Ng'ombe za m'mudzimo zimene zinali zitabalalika zinatsatira mahatchiwo, ndipo mumdima gululo linamveka lalikulu kuposa momwe linalili. Kusanache a Nipmuc anatentha zotsala n'kuchoka. Hutchinson anamwalira ndi mabala ake ku Marlborough, ndipo Brookfield inasiyidwa bwinja kwa zaka zingapo. Ulendo umenewu ndiwo unapatsa Willard mbiri yaungwazi, ndipo sindikumulanda. Nkhalamba yochita zimenezi kuti ipulumutse ana otsekeredwa m'nyumba yoyaka ndi yolimba mtima ndithu.

Koma Brookfield inaonetsanso kufooka kwa militia. Anthu ophunzira kuguba pamizere pabwalo la tchalitchi sankatha kumenyana m'nkhalango ndi alenje odziwa kuombera ndi mfuti zamwala, zimene ambiri anazipeza m'malonda a zikopa omwe aja. Chinanso, msilikali aliyense anali mlimi wa banja lake. Ukamuchotsa ku Groton kuti akateteze Lancaster, Groton yatsala pambalambanda. Miyezi yotsatira Willard anaithera pahatchi, kuyendera matauni a kumalire a Middlesex, kugawa anthu ochepa m'nyumba za malinga ndi kulembera ku Boston kupempha ena.

Mantha anagwera pa Akhristu a eni nthaka. Pa 30 Ogasiti 1675 boma linalamula kuti asachoke kupitirira mailosi imodzi kuchokera m'midzi yawo, ndipo mu Okutobala a ku Natick anawasamutsira ku Deer Island, chilumba cha mphepo padoko la Boston. Pakati pawo panali Waban, mkamwini wa Tahattawan. Za anthu a ku Nashoba, boma linatuma Willard, John Eliot ndi Daniel Gookin, woyang'anira Akhristu a eni nthaka, kuti akawapezere pokhala. Anali anthu 58, ambiri amayi ndi ana, ndipo mu Concord monse munthu mmodzi yekha, John Hoar, ndiye anavomera kuwasunga. Anawamangira nyumba pafupi ndi yake, masana akugwira ntchito, usiku akuwatsekera kuti atetezeke.

Mu Febuluwale 1676 Kaputeni Samuel Mosely, wodziwika ndi chidani chake pa eni nthaka, analowa m'tchalitchi cha Concord tsiku la Sabata ndi asilikali ake. Ulaliki utatha anauza mpingo kuti akhoza kuwachotsera anthuwo, ndipo pokhala chete ambiri iye anati avomera. Hoar anamufunsa kalata ya boma. Analibe. Anathyola chitseko, asilikali ake analanda zovala ndi ziwiya za anthuwo, n'kuwayendetsa mpaka ku Boston, kenako ku Deer Island. Pachilumbapo anthu mazanamazana anakhala chisanu chonse opanda chakudya chokwanira ndi pogona pabwino, ndipo ambiri anafera pomwepo. Awa anali ana ndi adzukulu a anthu amene analandira makasu aja, amene anameta tsitsi ndi kusiya miyambo yawo, Willard akulemba. Boma limene iye anali mmodzi wa akuluakulu ake silinamulange Mosely ndipo silinawabwezere kwawo. Gookin, amene anawalankhulira poyera, anaopsezedwa ndipo anagwa pachisankho cha mu Meyi 1676. Apa m'pamene ndimamuweruza Willard, pamodzi ndi dongosolo lonse limene anathandiza kumanga: linkadziwa kulemba malonjezo kwa eni nthaka, koma tsiku lowasunga litafika linaopa anthu ake omwe.

Pa 10 Febuluwale 1676 Lancaster inathiridwa nkhondo, ndipo mwa ogwidwa munali Mary Rowlandson, mkazi wa m'busa, amene John Hoar yemwe uja anakamuwombola ndi mapaundi 20 mu Meyi. Pa 13 Malichi anthu a Monoco, mtsogoleri wina wa a Nipmuc, anatentha Groton, nyumba pafupifupi 40 ndi tchalitchi cha Samuel Willard chomwe. Nyumba ya Major ku Nonacoicus nayonso inapsa mwezi womwewo. Iye anafika ndi amahatchi ake moto utagwira kale ntchito, ndipo chotsala chinali kuperekeza anthu kumatauni a kum'mawa. Matauni awiri amene anakhalamo, Lancaster ndi Groton, anasanduka mabwinja, ndipo Concord, imene anaiyambitsa zaka 40 m'mbuyomo, inapezekanso ili kumalire. Pa 21 Epulo amuna a ku Concord amene anathamangira kukathandiza Sudbury anagwa mumsampha pafupi ndi mtsinje, ambiri n'kuphedwa.

Willard anamwalira patatha masiku atatu, pa 24 Epulo 1676, ku Charlestown kumene banja lake linathawira. Sanafe ndi chipolopolo koma ndi chimfine cha mliri chimene chinapha anthu ambiri nyengo imeneyo. Mpaka masabata ake otsiriza anali akuweruzabe milandu.

Nkhondo inatembenuka Angelezi atavomera kugwiritsa ntchito eni nthaka ngati azondi ndi asilikali, ena a iwo otengedwa ku Deer Island komweko, abale awo ali chitsekeredwe. Njala inamaliza zotsala. Metacom anaphedwa pa 12 Ogasiti 1676 ndi John Alderman, mwini nthaka wa m'gulu la asilikali la Kaputeni Benjamin Church. Muttawmp ndi Monoco anaphedwa ku Boston mu Seputembala. Ogwidwa ambiri, kuphatikizapo mwana wa Metacom, anagulitsidwa ukapolo kutsidya la nyanja. Matauni a Angelezi pafupifupi 12 anawonongedwa, koma m'zaka zochepa ambiri anamangidwanso. Midzi yambiri ya a Nipmuc sinadzukenso, ngakhale mtunduwo ulipobe, ndipo ukusungabe kamalo kakang'ono ka Hassanamisco ku Grafton. Malo a Nashoba anapita kwa Angelezi pang'onopang'ono mpaka mu 1714 anasanduka tauni yawo.

Ana a Willard anapitiriza mbali zonse za ntchito ya bambo awo. Samuel anakhala m'busa wa Old South Church ku Boston ndipo anatsogolera sukulu ya Harvard kuyambira 1701 mpaka 1707. Mu Disembala 1686, patangopita zaka 10 nkhondo itatha, Henry ndi Benjamin Willard ndi anzawo atatu anagula kwa eni nthaka ochepa otsala malo otchedwa Naquag, mamailosi 12 mbali iliyonse, kukula kwake kuwirikiza kanayi Concord, pa mtengo wa mapaundi 23. Boma linadzatsimikizira malondawo patapita zaka zoposa 25, ndipo pamalopo panamangidwa Rutland ndi matauni ena oyandikana nayo. Mdzukulu wake Josiah Willard anadzakhala mkulu wa asilikali palinga la Fort Dummer, kumtsinje wa Connecticut, kumene malire anali atafika pa nthawiyo.